Mmene mungakaonere macheka a matabwa ku Mozambique

Ndimapala matabwa ku Bangula, ndipo ndapitako kawiri kukaona mmene anzathu a m'chigawo cha Sofala ku Mozambique amachekera mitengo. Kuno mlombwa wasowa, tsanya akuthera makala. Ndimafuna mmisiri aliyense wa kuno kuchigwa akaone yekha nkhalango yomwe anthu amadula koma siikutha.

Yambani ndi nyengo. Januwale mpaka Malichi musadzivutitse: boma la kumeneko limaletsa kudula mitengo miyezi imeneyi, ndipo misewu imakhala matope okhaokha. Pitani pakati pa Juni ndi Ogasiti, dzuwa lisanakwiye.

Tulukirani pa chipata cha m'malire cha Marka ndi pasipoti yanu, mudinditse ku Vila Nova da Fronteira, mulunjike ku Mutarara. Mukaoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana mwafika ku Sena, kenako Caia. Kummwera kwa Caia, m'mbali mwa msewu wa EN1, kuli Catapu, nkhalango yokhala ndi macheka ake, komwe amabzalanso mitengo yachilengedwe. Chisena chanu chikuyendetsani njira yonseyi. Ndalama musinthe zochepa pachipata, muwerenge kawiri wosinthayo asanachoke, chifukwa ena manja awo ndi achangu.

Tsopano mvetsetsani apa, pamene ine ndinagwa. Ulendo woyamba ndinanyamuka osauza mwini macheka aliyense. Pamalo okwerera galimoto ndinakumana ndi dobadoba wolankhula bwino, akuti mabwana onse a macheka ndi anzake. Ndinamupatsa ya mafuta a njinga yamoto, ya chakudya, ndi ina yoti "yotsegulira geti". Anandilowetsa m'tchire kwa maola awiri, n'kundifikitsa kwa anyamata atatu ocheka chipika pa dzenje, opanda pepala lililonse la boma. Akanatipeza oyang'anira nkhalango, ine mlendo ndikanayankha chiyani? Titatulukamo tinapita pa macheka enieni, mlonda n'kutibweza chifukwa dzina langa silinali m'buku. Masiku atatu anapita pachabe, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Choncho lembani uthenga kwa eni malo sabata ziwiri musananyamuke. Nenani dzina lanu, ntchito yanu, anthu angati, tsiku liti. Pezani wodziwa Chipwitikizi akulembereni, ndipo yankho lawo mulisunge m'foni kuti mukaonetse pageti. Popanda yankho, khalani kunyumba.

Mukalowa, valani jombo, osati patapata. Musangothamangira makina. Pemphani kuona zitsa m'nkhalango ndi manambala olembedwa pa zipika, chifukwa ndi amene amasonyeza komwe mtengo uliwonse wachokera. Funsani kukula kwa mtengo umene amaloledwa kugwetsa. Kenako kaoneni mmene amasanjira matabwa pamthunzi, timitengo pakati kuti mphepo izidutsa. Ine zitseko zanga zinasiya kupindika nditatengera zimenezi.

Maina muwadziwiretu: mlombwa amati umbila, msambamfumu ndi chanfuta, mphingo ndi pau-preto. Mtengo wa matabwa amawerengera pa kiyubiki mita, osati pa thabwa ngati ife, ndiye musadzidzimuke ndi nambala yoyamba.

Zogula ndi nkhani ina. Zipika zosacheka sizituluka m'dzikomo. Matabwa amafuna mapepala a kumeneko, a nthambi ya zankhalango kuno, ndi msonkho wa MRA. Funsani ku Nsanje boma musanapite. Zithunzi muyambe mwapempha, ndipo pobwerera mufike pachipata kukadali kowala.