Mmene Mungalembere Buku la Zikumbukiro za Moyo Wanu Koyamba

Anthu ambiri amene amakhala pansi kuti alembe za moyo wawo koyamba amalemba mbiri yonga ija imawerengedwa pamaliro. Amayamba ndi tsiku lobadwa, mudzi ndi mfumu yaikulu, kenako amandandalika sukulu zimene anaphunzirako, ntchito zimene anagwira, chaka cha ukwati, ndi chiwerengero cha ana ndi zidzukulu. Mbiri yotereyi ndi yoyenera pasiwa chifukwa imatha m'mphindi zochepa, koma palibe munthu angaipirire masamba 150. Buku la zikumbukiro limatenga gawo limodzi lokha la moyo wa wolembayo n'kulifotokoza mozama, mpaka wowerenga amve ngati analipo.

Choncho ntchito yoyamba ndi kusankha gawolo. Likhoza kukhala zaka zinayi za kusekondale yogonera komweko, nthawi imene munkadwazika mayi anu, zaka zimene bambo anali ku Joni pa Wenela (bungwe limene linkatenga anthu kukagwira ntchito kumigodi) inu mukuleredwa ndi amalume, kapena miyezi yotsatira namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023. Ngati mukuvutika kusankha, ganizirani nkhani imene mumaibwereza nthawi zonse abale akasonkhana, ndiponso ina imene mumaizemba ikangoyambika. Mwa ziwirizi, kawirikawiri yozembedwayo ndi imene ili ndi buku mkati mwake.

Mukasankha, gulani kope ndipo kwa masabata awiri kapena atatu lembani chilichonse chimene mwakumbukira cha nthawiyo, osasamala dongosolo kapena kukoma kwa chiganizo. Kenako funafunani zinthu zogwirika: makalata akale, chiphaso cha ubatizo, khadi la kusikelo, malipoti a kusukulu, ndi zithunzi, makamaka zimene zinalembedwa mawu kumbuyo. Pomaliza pitani kwa akuluakulu amene analipo, ndipo mukawapempha chilolezo muwajambule mawu pa foni.

Apa mpamene ambiri amalakwitsa. Mukafunsa agogo kuti, "Zimenezi zinachitika chaka chanji?" adzakuyankhani kuti ndi kale, n'kuthera pomwepo. Anthu athu amasunga zaka pozimangirira ku zochitika, ndiye funso lothandiza ndi lakuti, "Agogo, pamene munkasamukira kuno, njala ya 1949 inali itadutsa?" kapena, "Azakhali, fizi yanga yoyamba munalipira masheleni kapena makwacha?" Ufulu wodzilamulira unabwera pa 6 Julaye 1964, ndalama ya Kwacha inayamba mu 1971, ulendo wa Wenela unaimitsidwa mu 1974 ndege yonyamula ogwira ntchito kumigodi itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, likulu la dziko linachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, riferendamu yosankha pakati pa chipani chimodzi ndi zipani zambiri inachitika pa 14 Juni 1993, ndipo maphunziro aulere a pulayimale anayamba mu 1994. Zaka zimenezi zili ngati zikhomo zimene mungapachikepo zokumbukira za pabanja panu. Pa nkhani ya masheleniyo muchenjere pang'ono, poti anthu anapitiriza kutchula 10 tambala kuti sheleni kwa zaka zambiri Kwacha itabwera kale. Amene ali ndi mpata angathenso kupita ku National Archives, malo osungirako zikalata zakale za dziko, ku Zomba kukaona nyuzipepala ndi zikalata za nthawi imene akulembayo.

Poyamba kulemba kwenikweni, onetsani zochitika za tsiku limodzi, pamalo amodzi, ndi anthu amene akuyankhulana. Chiganizo chakuti "nthawi ya chipani chimodzi tinkakhala mwamantha" n'choona, koma wowerenga wobadwa mu 2000 sachimva m'thupi. Muonetseni mayi anu atasenza dengu la tomato, ataima pachipata cha msika, mnyamata wa yunifolomu atatambasula dzanja kufuna khadi la chipani. Muonetseni mmene mayiwo anatulira dengu, n'kumasula mfundo ya pansonga ya chitenje, inu mutagwira chala chawo ndipo mukumva kuti chikunjenjemera. Mukatero simufunikanso kulemba mawu akuti mantha. Fungo la palafini la nyali ya koloboyi, kulira kwa loko wa sutikesi yachitsulo, kukoma kwa phala lopanda shuga la m'mawa wa mayeso, zonsezi n'zimene zimanyamula buku, ndipo muziyesetsa kuti mutu uliwonse ukhale ndi chochitika chotere chimodzi kapena ziwiri.

Mawu amene anthu anayankhula zaka 30 zapitazo simungawakumbukire ndendende, ndipo wowerenga amadziwa zimenezo. Mukhoza kuwalemba monga mmene munthuyo akanayankhulira, bola tanthauzo likhale limene linalipo. Chimene simuyenera kuchita ndi kupeka chochitika chimene sichinachitike. Ngati inu mukukumbuka kuti mvula inkagwa tsiku limene bambo anachoka, pamene achemwali anu akulumbira kuti munali mu Okotobala dzuwa likuswa mtengo, lembani zonse ziwiri, chifukwa kusiyana kumeneko nakonso ndi mbali ya nkhaniyo. Musadziyeretsenso. Buku limene wolemba wake ali wolungama patsamba lililonse, olakwa onse ali ena, limatopetsa msanga ndipo silikhulupirika.

Nkhani ya abale amoyo ndi yovuta kwambiri kwa ife amene tinakula tikuuzidwa kuti za m'nyumba sizituluka pabwalo. Malangizo anga ndi akuti polemba koyamba lembani zonse ngati palibe adzawerenge, ndipo muganize za chochotsa pambuyo pake. Pa munthu aliyense amene mwamuonetsa molakwa, dzifunseni ngati nkhaniyo ingaime popanda iye. Ngati singaime, sinthani dzina ndi zina zomuzindikiritsa, ndipo ngati n'kotheka kambiranani naye buku lisanasindikizidwe. Matenda a munthu wina, mimba yobisidwa, kapena mlandu umene sunaweruzidwe ndi khoti ndi zinthu zimene zingakutengereni kubwalo la milandu chifukwa choipitsa mbiri ya munthu.

Lembani m'chiyankhulo chimene mumakumbukiramo. Ngati agogo anu ankayankhula Chilomwe, Chiyao kapena Chichewa cha ku Kasungu, siyani mawu awo ena monga mmene ankawatchulira, nkhani yozungulira idzawamasulira yokha. Tsamba limodzi patsiku, masiku asanu pasabata, limakupatsani masamba oposa 200 chaka chisanathe, ndipo simukukakamizidwa kuyambira mutu woyamba, popeza kawirikawiri umadziwika bwino mitu ina italembedwa. Mukamaliza, ikani zolembazo pambali kwa mwezi wathunthu, kenako muziwerenge mokweza. Pamene lilime lapunthwa kapena pamene inu eni mwayamba kuyasamula, pamenepo mpofunika kudula. Wowerenga woyamba asakhale munthu wotchulidwa m'bukumo. Ngati mwalemba pamanja, jambulani tsamba lililonse pa foni, ndipo ngati mwalemba pa kompyuta, dzitumizireni zolembazo pa imelo sabata iliyonse, chifukwa chiswe, mvula yodontha padenga ndi akuba sasankha kope.