Mmene mungawerengere Little Women ndi ana anu

Ambiri amangoti Little Women ndi buku la atsikana basi, koma ngati mukufuna buku lowerenga ndi ana madzulo, la banja lomwe ndalama zikuvuta koma anthu ake akugwirana manja, yambani ndi limeneli, anyamata omwe amve nawo. Analemba Louisa May Alcott wa ku America, gawo loyamba linatuluka mu 1868, lachiwiri mu 1869. Likupezeka ulere pa Project Gutenberg, tsamba la pa intaneti la mabuku akale, mutha kuwerenga pafoni. Mukamagula la pepala muonetsetse, makope ena a ku Britain amakhala ndi gawo loyamba lokha, lachiwirilo analipatsa dzina loti Good Wives.

Tengani gawo loyamba kaye, machaputala 23, chimodzi patsiku chakwana. Chizungu chake nchakale ndiye musalimbane ndi liwu lililonse, werengani ndime, imani, fotokozani m'Chichewa, kenako mufunseni mwana kuti akanakhala iyeyo akanatani. Musanayambe adziwe atsikana anayi a banja la March: Meg woyamba kubadwa, Jo wokonda kulemba koma wamtima wapachala, Beth wamanyazi, ndi Amy wamng'ono pa onse. Bambo awo ali ku nkhondo yapachiweniweni ya ku America ngati m'busa wa asilikali, pakhomo atsala mayi okha.

Pali malo ena oti musathamange. Mmawa wa Khirisimasi atsikanawa anyamula chakudya chawo chomwe kukapatsa banja la Hummel lomwe lilibe ngakhale moto m'nyumba. Kenako pamene pabwera uthenga woti bambo adwala ku Washington, mayi akufuna ya ulendo, Jo angotuluka osauza munthu nkubwera ndi madola 25, atavula chipewa onse aona kuti wagulitsa tsitsi lake lalitali lija. Pamaso pa anthu akuoneka wolimba mtima koma usiku Meg amumva akulira pabedi, akulirira tsitsi lomwelo. Apa ine ndimati tsekani buku mucheze, chifukwa mwana aliyense amene anaonapo chinthu cha m'nyumba chikugulitsidwa kuti papezeke ya kuchipatala amvetsa osafuna kumufotokozera zambiri.

Mukamaliza gawo loyamba ndi pamene muwauze za mlembiyo, musabise, nkhaniyi anaitengera pa banja la kwawo ndipo Jo akuimira iyeyo, koma umphawi wa kwawo unali woposa wa m'bukumu. Bambo ake, Bronson Alcott, sanapite ku nkhondo ayi, anali mphunzitsi wa maganizo ambiri koma masukulu ake ankatsekedwa, ndipo mu 1843 anatengera banja lonse ku famu ya Fruitlands ku Massachusetts kumene nyama, mkaka ndi mazira zinali zoletsedwa, patangotha miyezi 7 zonse zinasokonekera, Louisa ali kamtsikana. Amene ankasaka ndalama anali mayi ake Abigail ndi atsikanawo. Louisa anasokapo zovala, anaphunzitsapo, anagwirapo ntchito ya m'nyumba kwa anthu, nkumalembanso nkhani zoopsa pa dzina lobisa la A. M. Barnard kuti pakhomo padyedwe. Ndipo amene anapita ku nkhondo ndi iyeyo, mu 1862 anakakhala namwino wa asilikali ku Georgetown, dera la ku Washington, anadwala taifodi, nkupatsidwa mankhwala okhala ndi mercury, chitsulo chapoizoni, thanzi lake silinabwererenso mwakale. Mwana akadziwa zimenezi Jo amamuona mwina.

Gawo lachiwiri likufuna muwakonzekeretse, makamaka ana aang'ono. Beth amamwalira, ndipo sizongopeka, mng'ono wake wa Louisa, Elizabeth, anamwalira mu 1858 ali ndi zaka 22 atadwalapo scarlet fever, matenda opatsirana otentha thupi ndi zidzolo zofiira, ngati Beth. Chaputala chimenecho musamusiyire mwana kuti awerenge yekha, khalani naye, ndipo ngati pakhomo pagwa maliro posachedwa dikirani kaye.

Akuluakuluko adzakwiya kuti bwanji Jo wamukana Laurie, mnyamata woyandikana nawo nyumba yemwe ndi mnzake wapamtima, nkukwatiwa ndi Professor Bhaer, mphunzitsi wamkulu kwambiri kwa iye. Asiyeni atsutsane, owerenga a nthawi imeneyo nawonso ankamulembera Louisa makalata kuti awakwatitse Jo ndi Laurie iye anakana. Louisa mwini wakeyo sanakwatiwe mpaka imfa yake mu 1888, ndalama za bukuli ndi zomwe anabwezera ngongole za banja lawo. Akafuna kudziwa zomwe zinamuchitikira Jo kutsogolo, pali Little Men la 1871 ndi Jo's Boys la 1886.