Momwe mungaphunzitsire ana za nyama za mumtsinje madzi akayamba kuphwa

Mabuku ena a zithunzi amene amafika m'sukulu za mkombaphala amasonyeza nyengo ya kunja, masamba akufiira, agologolo akubisa chakudya. Mwana wa ku Makhanga kapena ku Nchalo amangoyang'ana, sizimukhudza. Kuno kuchigwa nyengo timaiwerengera pa madzi. Mvula ikakata mu Epulo, Shire amayamba kubwerera m'khwawa mwake, madambo a Elephant Marsh ndi Ndinde n'kumachepa, ndipo chamoyo chilichonse chimapeza nzeru yake yopulumukira. Phunziro lanu likhale limenelo.

Choyamba, sankhani thamanda limodzi. Osati mtsinje weniweniwo ayi. Pezani kathamanda kosaya kamene madzi osefukira anasiya kufupi ndi dimba, kotalikirana ndi bango, ndipo funsani kaye asodzi ngati ng'ona siifikako. Ana asapitirire khumi, akuluakulu mukhale awiri, ndipo pasapezeke woponda m'madzi, chifukwa nkhono za m'madzi odikha ndi zimene zimafalitsa likodzo. Kumbukiraninso kuti ena mwa anawa madzi anawathamangitsapo m'nyumba, monga nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023. Woopa musamukakamize, aonerere ali chapatali, adzasendera yekha.

Kenako zikani kamtengo pamene madzi alekezera. Sabata yotsatira zikani kena, ana ayeze ndi mapazi mtunda wa pakati pake. Pofika Juni timitengo tidzakhala titandandalika ngati mzere wa chimanga, ndipo mwana wa zaka 5 adzanena yekha kuti thamanda likuthawa. Apo ndiye ponyani funso: "Nanga nsomba zili m'menemo zipita kuti?" Musafulumire kuyankha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yankho lake lili m'nsomba zimene anawa amadya kunyumba. Madzi akasefukira, milamba ndi makakana zimalowa m'udzu womira kukaswana. Akamaphwa, zina zimabwerera kumtsinje, zina zimatsekeredwa m'matamanda. Mlamba uli ndi mwayi: kuwonjezera pa makha, m'mutu mwake muli chiwalo chokoka mpweya wa kunja, n'chifukwa chake umapirira m'matope, ndipo usiku kukakhala chinyezi umatha kukwawa kufuna madzi ena. Pemphani msodzi abwere ndi mlamba wamoyo m'beseni, ana aone ukubwera pamwamba kudzameza mpweya. Afunseni chifukwa chake pamsika mlamba umapezeka ukuphiriphitha pamene makakana anauma kale.

Koma katswiri ndi dowe. Madzi akatha, nsomba imeneyi imadzikwirira m'matope, n'kudzikuta ndi zoterera za pathupi pake zimene zimauma ngati chikopa, kusiya kabowo kopumira. Imakhala m'menemo miyezi, osadya, mpaka mvula. Ana sangakhulupirire pongomva, choncho chitani nawo izi: nyowetsani tinsanza tiwiri, kamodzi mukamatire m'kati mwa mpira wa dothi la makande, kena mukasiye poyera. Mawa lake swani mpirawo. Kapoyera kadzakhala gwa, kam'dothi kadzakhala kadakali konyowa. Mwana aliyense aumbe dowe wake, amupatse dzina, amugoneke. Nkhasi ndi achule ena amachitanso chimodzimodzi, ndiye ana akafunsa kumene kwapita achule amene ankasokosa mu Januwale, alozereni pansi.

Za ng'ona muphunzitsire pabwalo la sukulu. M'mawa wa Juni kapena Julaye, mwera ukuwomba, ikani mwala wina padzuwa, wina pamthunzi, ana akhudze yonse nthawi ya phala. Ng'ona thupi lake silidzitenthetsa lokha ngati lathu, imadalira dzuwa ngati mwala uja, ndiye m'chisanu imachedwa pamchenga ikuothera. Chilimwe chikafika imakumba mumchenga womwewo n'kuikira mazira, ndipo imawalondera pafupifupi miyezi itatu. Apa ndi pouza ana mosabisa kuti mchenga wa m'mbali mwa Shire si bwalo la masewera, ngakhale madzi aoneke ochepa bwanji.

Mvuu sizifuna nthawi yambiri. Udzu ukauma zimayenda mtunda wautali usiku, n'kuthera m'madimba a mbatata ndi chimanga. Mwana amene bambo ake amagona kudimba akuimba zitini angakufotokozereni bwino kuposa buku. Mulekeni afotokoze.

Mbalame ndiye zosavuta kuwerenga. Thamanda likamachepa, akakowa ndi nantchengwa amachuluka chifukwa nsomba zapanikizika, pamene ena mwa anamzeze amene ankadzaza pa mawaya a magetsi amanyamuka cha mu Malichi ndi Epulo kupita ku Ulaya kukaswana, n'kudzabwera mvula ikayandikira. Mwana aliyense akhale ndi kachitini, aponyemo kamwala akaona kakowa. Pobwerera muwerenge pamodzi. Masamu alowa pomwepo osadziwa.

Mayina musalimbane nawo. Wina atchula m'Chisena, wina m'Chimang'anja, landirani onse ndipo muwalembe pakatoni. Ine ndimaona kuti agogo amene akhala akutchera miono kuyambira ali mnyamata amaposa tchati chilichonse, choncho aitaneni tsiku limodzi adzakhale pamkeka. Ana alonjere mwaulemu, kenako afunse: "Agogo, kodi dowe munamukumbapo?" Agogo aakazi nawonso angasonyeze nyika, mizu yodyedwa ya maluwa a m'madzi, anene momwe amaizulira m'dambo chaka cha njala ndi chifukwa chake ana saloledwa kupita nawo.

Thamanda likauma n'kung'aluka, pitaninso komaliza. Zulani timitengo tonse koma koyamba kaja, mukakhomere ndithu kuti ng'ombe zisakagwetse. Mvula ya Disembala ikagwa, mudzabwere ndi ana omwewo, mudzaone kuti madzi atenga masiku angati kuti akafikenso, ndiponso kuti ndani wayamba kutulukira, chule kapena nkhasi.