Magetsi a m'kalavani ndi galimoto yoikoka

Amene mukukagona m'kalavani (kanyumba ka matayala kokokedwa ndi galimoto) m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi, musalumikize furiji ku batire lolizira galimoto, chifukwa kukatentha ngati mu Okutobala furiji imagwira ntchito usiku wonse, ndipo m'mawa galimoto imakana kulira. Gulani batire lachiwiri la 12V lotchajidwa ndi sola, lizigwira furiji, nyali ndi fani basi. Ketulo yamagetsi imadya mawati pafupifupi 2,000, choncho madzi muziwiritsa pa gasi.

Posankha galimoto, yerekezani malire a kulemera kumene ingakoke, olembedwa m'buku lake, ndi kulemera kwa kalavani itapakiridwa katundu ndi madzi, poti lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi. Zitunda za panjira ya ku Cape Maclear zimafuna injini yamphamvu, ndipo kalavani yoposa makilogalamu 750 ikhale ndi mabuleki akeake.