Kasamalidwe ka phukusi pamene chinenero cholembera mapulogalamu chikusintha

Python 3.0, mtundu watsopano wa chinenero cholembera mapulogalamu cha Python, itatuluka mu Disembala 2008, mapulogalamu ambiri olembedwa mu Python 2 sankayendanso pa mtundu watsopanowo popanda kukonzedwa, ndipo osamalira maphukusi (khodi yokonzedwa kale imene ena amagwiritsa ntchito m'mapulogalamu awo) anakhala zaka zoposa khumi akutumikira magulu awiri a anthu, a Python 2 ndi a Python 3, mpaka pa 1 Januwale 2020 pamene Python 2.7 inasiya kusamalidwa. Njira zimene zinathandiza pa nthawiyo zingathandizenso aliyense amene chinenero chake chikusintha chotere.

Musanakhudze mzere ngakhale umodzi, lembani mayeso okwanira, chifukwa kusiyana koopsa kwambiri ndi kumene sikutulutsa uthenga wa vuto. Mu Python 2, 3/2 imapereka 1, pamene mu Python 3 imapereka 1.5, ndipo pulogalamu yowerengera ndalama ikhoza kupitiriza kuyenda bwinobwino uku ikupereka mayankho olakwika. Chida cha tox chinkayendetsa mayeso omwewo pa mitundu yonse iwiri, choncho gwiritsani ntchito chida chotere nthawi iliyonse mwasintha kanthu. Onaninso maphukusi amene lanu limadalira, pakuti ngati limodzi mwa iwo silinasamuke, inunso simungasamuke.

Kenako sankhani kukhala ndi khodi imodzi yoyenda pa mitundu yonse iwiri. Poyamba ambiri ankalemba mu Python 2 n'kumasanduliza khodiyo kukhala ya Python 3 ndi chida cha 2to3, koma zimenezi zinkavutitsa, chifukwa munthu akadandaula za mzere wina, mzerewo sunkafanana ndi umene wolemba anali nawo. Kusunga nthambi ziwiri za khodi, ina ya Python 2 ina ya Python 3, ndi kotopetsa kuposa pamenepo, popeza vuto lililonse limayenera kukonzedwa kawiri, ndipo posakhalitsa nthambi imodzi imatsalira. Mizere ya from __future__ import, imene imabweretsa zina za Python 3 mu Python 2, pamodzi ndi phukusi la six, limene limabisa kusiyana kwa mitundu iwiriyi, zimakwanira pa ntchito yambiri. Musadzivutitse ndi mitundu yakale kwambiri: Python 3.3 itabwezeretsa chilembo cha u patsogolo pa mawu, chimene khodi ya Python 2 inkagwiritsa ntchito, ambiri anaona kuti n'kwanzeru kuyambira pamenepo.

Pamene pamafunika kudekha kwambiri ndi pa kusiyana kwa mawu ndi mabayiti, amene ndi manambala amene kompyuta imasungiramo zinthu. Python 2 inkalola kusakaniza ziwirizi, ndipo vuto linkabisala mpaka tsiku limene wina walemba dzina lokhala ndi chilembo chonga ŵ. Python 3 imakana kuzisakaniza. Palibe chida chimene chingakusankhireni pano, chifukwa ndi inu nokha amene mukudziwa ngati zimene zikuchokera mu fayilo kapena pa intaneti ndi mawu oti munthu awerenge kapena ayi. Sandutsani mabayiti kukhala mawu akangolowa m'pulogalamu, gwirani ntchito ndi mawu okhaokha m'katimo, ndipo muwabweze kukhala mabayiti potuluka, mukutchula UTF-8 (njira yosandutsira zilembo kukhala mabayiti) momveka bwino m'malo modalira zimene kompyuta yasankha yokha. Ndimaona kuti nthawi yothera pa gawo limeneli siwonongeka.

Ikafika nthawi yosiya mtundu wakale, ganizirani anthu amene sangathe kusamuka msanga. Lengezani tsikulo kudakali miyezi yambiri, kwezani nambala yaikulu ya mtundu wa phukusi lanu, ndipo siyani mtundu womaliza umene mudzapitirize kukonza mavuto a chitetezo kwa kanthawi, monga mmene phukusi la Django linachitira ndi mtundu wa 1.11 komanso la NumPy ndi mtundu wa 1.16. Musaiwale kulemba python_requires, mzere wonena mitundu ya Python imene phukusi limayendapo, m'fayilo ya setup.py musanatulutse mtundu woyamba wosayenda pa Python 2, chifukwa kuyambira pa pip 9.0, pip, chida choikira maphukusi pa kompyuta, imawerenga mzere umenewu n'kumupatsa wa Python 2 mtundu wakale umene ukuyendabe pa kompyuta yake. Zonsezi zikatheka, chotsani six ndi mizere ya __future__ pang'onopang'ono, mukuyendetsa mayeso nthawi iliyonse mwachotsa kanthu.