Kumata kapeti m'boti nthawi yozizira kuno ku Harare

Eni maboti ambiri amafuna kapeti watsopano mu June ndi July, chifukwa madzi akazizira nsomba sizidya kwenikweni, boti limangokhala pa tirela pakhomo. Koma miyezi yomweyi ndi imene guluu amavuta. Ine ntchitoyi ndinaphunzira kwa amalume anga, amene ankakonza maboti a anthu opita ku nyanja za Chivero ndi Darwendale, kufupi ndi Harare, ndipo zambiri ndikulemba panozi ndi zawo.

Yambani ndi kukanganula kapeti wakale. Musamung'ambe mwaukali, mutuluke naye wathunthu ngati n'kotheka, chifukwa ndi amene mudzadulirepo watsopano. Chidutswa chilichonse chilembeni kumbuyo kuti chachoka pati, ndipo mujambule kamuvi koloza kutsogolo kwa boti. Ubweya wa kapeti umagonera mbali imodzi. Mukadula mopingasa chidutswa cha pa chivundikiro chimodzi cha mabokosi a m'boti, padzuwa chidzaoneka ngati cha mtundu wina, ngakhale zonse zachokera pa mpukutu umodzi.

Kenako palani guluu wakale yense ndi sikirepa, mupitemo ndi sandipepa wokhakhala, mupukute ndi thinasi. Pulayiwudi akakhala kuti wafewa penapake, musinthiretu. Bayani ndi sikuludiraiva m'makona ndi pansi pa mipando, ikalowa ndiye kuti thabwalo lawola.

Pa nkhani yogula, kapeti akhale wa m'boti weniweni, wokhala ndi labala kumbuyo. Wa m'nyumba amamwa madzi n'kuyamba kununkha. Guluu gulani chitini chotsekedwa bwino, chokhala ndi pepala lake, m'mashopu a hadiweya a ku Msasa kapena ku Graniteside. Alipo anyamata amene amagulitsa guluu wothira m'mabotolo pamtengo wokoma, amvekere ndi yemweyo. Ambiri amakhala atamusungunula ndi thinasi kuti achuluke. Ndalama imene mwapulumutsa apo ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa kapeti amene mudzataye.

Tsopano pamene pagona nkhani. Harare ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,500, ndiye kuzizira kwake kuli ngati kwa ku Dedza. Masana dzuwa limawala bwinobwino mpaka munthu kuvula juzi, kumafika madigiri 20 kapena kuposerapo pang'ono. Likalowa, usiku kumatsika mpaka 6 kapena 7, masiku ena chisanu kuyera pa udzu m'madambo. Guluu wambiri wa kapeti amafuna madigiri pafupifupi 18, ndipo ena pachitini amalemba kuti asatsike pansi pa 10. Chimene ambiri sitiwerenga n'chakuti kutenthako kukufunika pa thabwa kapena chitsulo chimene mukumatapo, komanso kukhalepo mpaka guluu atauma, osati pa ola lopaka lokha.

Ine zinandionekera chaka china mu July, pa boti la aluminiyamu. Mwini wake ankalifuna Loweruka, ine ndinalawirira Lachinayi, seveni koloko ndili m'boti ndi bulashi. Mpweya sunali woipa kwenikweni, koma nditagwira chitsulo chinali ngati chachokera mu firiji. Ndinapakabe guluu wa kontakiti, uja amapakidwa mbali zonse ziwiri, pa boti ndi pa kapeti. Patapita kanthawi ndinaona pamwamba pake pachita mbuu, ngati mpweya wa m'kamwa pagalasi. Ndinaganiza kuti ndi kuuma kumeneko, ndinayala kapeti, ndinapondereza, zonse zinaoneka bwino.

Sikunali kuuma. Mankhwala a mu guluu akamauluka amaziziritsa pamalopo, ndiye pachitsulo chozizira kale, chinyontho cha mumpweya chimakhala pamwamba pa guluu ngati mame. Ndinamata madzi pakati pa kapeti ndi boti. Loweruka bambo aja anapita nalo ku Chivero, pobwera madzulo kapeti atatukumuka matuza akuluakulu ngati chikhatho, m'mphepete mwa zivundikiro atayamba kupindika. Nditakoka ndi zala ziwiri zokha anasendeka yense, guluu ali ndembendembe kunsi. Kapeti wachiwiri ndinagula ndi ndalama zanga, ndipo zinandipweteka kwambiri chifukwa anali kasitomala wa amalume kuyambira kale. Amalume anangogwira chitsulo chija n'kunena kuti, "Mphwanga, dzanja likamva kuzizira, guluu nayenso akumva."

Ndiye panopa ndimachita chonchi. Chitini cha guluu chimagona m'nyumba, osati mu galaja. M'mawa ndimachiika mu ndowa ya madzi ofunda, osati owira, chili chotseka. Boti ndimalikankhira padzuwa cha m'ma 8 koloko, kapeti ndimamuyala pambali pake pa simenti youma kuti afewe, makwinya a mpukutu athe. Sindipaka kanthu mpaka nditagunditsa kumbuyo kwa dzanja pansi pa boti n'kumva kufunda, m'makona mwa mthunzi momwe. Nthawi zambiri apo imakhala itakwana 10 kapena 11 koloko. Ikafika 2 koloko masana ndimatseka chitini, kaya ndatha kaya sindinathe. Bola ntchito itenge masiku atatu.

Pakani mopyapyala. Kukazizira munthu umafuna kuthira wambiri poganiza kuti agwira bwino, koma wokhuthala amauma pamwamba pokha, kunsi ali wamadzi. Wa kontakiti amene nthawi yotentha amadikiritsa mphindi 15 kapena 20, mu July akhoza kutenga kawiri kake. Muyeseni ndi kumbuyo kwa chala: azimveka kunanda koma asatsalire pakhungu. Akachita mbuu uja, musayale kapeti. Dikirani dzuwa limuwombe mpaka kuyerako kuthe. Guluu wa madzi, wopaka ndi chipande cha mano, amalola kusuntha kapeti mutayala kale, n'chifukwa chake ndimamukonda pamalo aakulu, koma ndi amene amadana kwambiri ndi usiku wozizira, ndipo akagwidwa ndi chisanu asanaume watha ntchito.

Chonde musalowetse mbaula mu galaja kuti mufunditse boti. Mpweya wa guluu wa kontakiti ndi thinasi umayaka ngati petulo, ndipo umatsikira pansi m'kati mwa boti momwe simukuuona. Makala nawonso m'chipinda chotseka amapha. Ngakhale fodya, asutire kutali.

Kuyala kwake n'kosavuta. Ikani kapeti pamalo pake, pindani theka, pakani, yalani kuchokera pakati kupita m'mphepete, kenako theka linalo. Ponderezani ndi rola, ngati mulibe, paipi yachitsulo yokhuthala imagwira ntchito. Zivundikiro mateni pa tebulo, mupindire kapeti kunsi, mukhomere masitepulo osachita dzimbiri. Leza muzisintha pafupipafupi, yobuntha imazomola ulusi.

Dzuwa lisanalowe lowetsani boti m'kati, muyale mabulangete akale pamwamba, musanjikepo matabwa ndi njerwa zingapo m'makona, mutseke chitseko. M'mawa litulutseninso padzuwa. Nthawi yozizira ine ndimalipatsa masiku atatu otere ndisanabwezeretse mipando, ndipo kumadzi lipite pakatha sabata.