Momwe mungachitire kafukufuku wa matenda a fodya wauwisi pa chipatala chakumudzi

Kuyambira mu Januwale mpaka mu Malichi, pamene alimi a ku Angónia, Macanga ndi Chifunde, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ali kalikiliki kuthyola fodya, pa zipatala zing'onozing'ono pamabwera anthu odandaula mutu, nseru, kusanza, chizungulire ndi kufooka. Popeza iyi ndi nyengo yomwenso malungo amavuta kwambiri, namwino amatenga kadontho ka magazi pachala, ndipo zotsatira zikasonyeza kuti malungo palibe, wodwalayo amapatsidwa mankhwala a mutu n'kubwerera kwawo. Funso limene kawirikawiri silifunsidwa ndi lakuti munthuyo amachita chiyani m'mawa wa tsikulo. Dokotala wa ku Italy, Bernardino Ramazzini, analemba kale mu 1700 kuti pa mafunso onse amene dokotala amafunsa wodwala awonjezepo lakuti amagwira ntchito yanji, ndipo kafukufuku amene ndikufotokoza pano wakhazikika pa funso lomwelo. Ndalembera anamwino, matekiniko a zachipatala ndi ophunzira a chaka chomaliza, monga a ku Faculdade de Ciências de Saúde, sukulu ya zaumoyo ya yunivesite ya UniZambeze mumzinda wa Tete, amene akufunafuna mutu wa kafukufuku wotheka ndi ndalama zochepa.

Yambani ndi kuwadziwa bwino matenda a fodya wauwisi, amene amabweretsa zizindikiro zimenezi. Amabwera chikonga chikalowa m'thupi kudzera pakhungu. Chikonga chimasungunuka m'madzi, choncho mame kapena madzi a mvula a pamasamba amakhala nacho, ndipo munthu amene wapanira masamba m'khwapa, malaya ake atanyowa ndi mame komanso thukuta, amakhala akuchilandira m'thupi kwa maola ambiri iye osadziwa. Zizindikiro zimayamba patapita maola angapo, nthawi zina munthu ataweruka kale, ndipo zimatha zokha pakati pa tsiku limodzi ndi masiku atatu, ngakhale kuti wosanza kwambiri amatha madzi m'thupi mpaka kufunika dilipi. Madokotala anawafotokoza mu 1970 pakati pa ogwira ntchito m'minda ya fodya ku Florida, ndipo ku Brazil anawafufuza mu 2007 mumzinda wa Arapiraca. Za ku Brazil ndi zothandiza kwa ife chifukwa zambiri zinalembedwa m'Chipwitikizi: lembani mawu akuti doença da folha verde do tabaco pa SciELO, kapena green tobacco sickness pa PubMed (awa ndi malo a pa intaneti osungira zolemba za kafukufuku), ndipo muwerenge makamaka gawo lofotokoza njira imene ofufuzawo anatsata, osati zotsatira zokha.

Mukatha kuwerenga, lembani funso lanu m'chiganizo chimodzi. Ophunzira ambiri amafuna kufufuza mavuto onse a alimi a fodya nthawi imodzi, msana, chifuwa, mankhwala opopera, ngongole za zipangizo, ndipo mapeto ake amakhala ndi mapepala odzaza katoni koma opanda yankho ngakhale limodzi. Funso lokwanira munthu mmodzi ndi longa ili: mwa akuluakulu othyola fodya m'midzi imene chipatala chathu chimatumikira, ndi angati amene amadwala matendawa m'nyengo imodzi yokolola, ndipo kodi othyola masamba onyowa amadwala kuposa othyola masamba ouma?

Ntchito yovuta kwambiri ndi kusankha amene mudzamuwerenge kuti wadwala, ndipo muyenera kulemba zimenezi musanaone wodwala ngakhale mmodzi. Tanthauzo limene ofufuza ambiri agwiritsa ntchito ndi lakuti munthu akhale ndi nseru kapena kusanza, pamodzi ndi mutu kapena chizungulire, ndipo akhale atagwira fodya tsiku lomwelo kapena dzulo lake. Kwathu kuno tanthauzo limeneli silikwanira palokha, chifukwa malungo amaonekanso motero. Aliyense wokhala ndi zizindikiro mumuyeze kutentha kwa thupi ndiponso malungo. Matenda a fodya kawirikawiri satenthetsa thupi. Koma musathamangire kunena kuti aliyense amene kachipangizo koyezera kasonyeza mizere iwiri akudwala malungo okha, pakuti kumalo kumene malungo ndi ofala, akuluakulu ena amakhala ndi tizilombo m'magazi osadwala, ndiponso kachipangizoka kamatha kupitiriza kusonyeza malungo kwa masabata angapo munthu atachira. Anthu otere muwapatse chithandizo motsatira malamulo a Unduna wa Zaumoyo, kenako muwalembe m'gulu lawolawo kuti powerengera mudzasonyeze zotsatira ziwiri, china atawerengedwamo, china atachotsedwamo.

Chinthu china chofanana ndi matendawa, ndipo choopsa kuposa, ndi poizoni wa mankhwala ophera tizilombo a mtundu wa organophosphate. Funsani nthawi zonse ngati munthuyo wapopera kapena walowa m'munda wopoperedwa masiku apitawa. Mukaona mwana wa diso atachepa kwambiri, malovu ndi misozi zikungotuluka, minofu ikunjenjemera ndipo munthu akubanika, ikani pepala la mafunso pansi, chifukwa ameneyo akufunika mankhwala a atropine ndi kutumizidwa msanga ku chipatala chachikulu, monga cha ku Ulongué kapena cha ku Tete.

Ngati muli ndi ndalama pang'ono, gulani timapepala toyezera cotinine mumkodzo. Chikonga chimachoka m'magazi msanga, theka lake m'maola awiri okha, koma chiwindi chimachisandutsa cotinine, amene theka lake limatenga maola pafupifupi 16 kuti lichoke, kotero amapezekabe mawa lake. Vuto ndi lakuti wosuta aliyense amakhala naye. Apa mpamene kufunsa mwaulesi kumawononga kafukufuku: mayi wachikulire mukamufunsa ngati amasuta ndudu adzakana, ndipo sakunama, koma m'chitenje wamanga kabotolo ka fodya wamphuno kapena woika m'kamwa. Funsani mtundu uliwonse paokhapaokha, ndudu ya m'sitolo, chingambwe, wamphuno ndi wam'kamwa.

Kenako ganizirani za anthu oti muwafufuze. Kuwerenga okhawo obwera kuchipatala n'kosavuta, koma kumakunamizani, chifukwa nthawi yokolola mlimi satha kusiya masamba akupsa m'munda kuti akaime pamzere chifukwa cha chizungulire chimene akudziwa kuti chitha mawa, ndipo waganyu amadziwa kuti tsiku limene sanagwire ntchito salipidwa. Ine ndimalangiza kuwatsatira anthu kumudzi. Lembani mayina a midzi yonse ya m'dera lanu pa timapepala, muchite mayere, ndipo m'midzi yosankhidwayo muchitenso mayere a mabanja olima fodya. Musalole kuti wina akusankhireni mabanja, ngakhale akhale wodziwa bwino mudziwo, chifukwa adzakutengerani kwa anzake kapena kwa amene akudziwika kuti amadwaladwala. Muphatikizemo aliyense wothyola, kusoka ndi kupachika fodya m'chigafa, osati mwini munda yekha amene dzina lake lili pa pangano ndi kampani ya fodya, popeza nthawi zambiri amayi ndi aganyu ndi amene amakhudza masamba kwa nthawi yaitali. Ndi bwinonso kukhala ndi gulu lofanizira la alimi a chimanga kapena mbatata ya kachewere, amene ndi ambiri ku Angónia ndi Tsangano, kuti muone kuchuluka kwa mutu ndi nseru pakati pa anthu ogwira ntchito padzuwa lomwelo koma osakhudza fodya.

Za chiwerengero, masamu ake ndi odziwika. Ngati simukudziwa kuchuluka kwa matenda ndipo mukufuna kuti kulakwitsa kusapitirire 5 pa 100 alionse, pa chitsimikizo cha 95 pa 100, mumafunika anthu 385, ndipo posankha mudzi ndi mudzi ofufuza ambiri amachulukitsa chiwerengerochi kawiri chifukwa anthu a mudzi umodzi amafanana zochita. Wophunzira mmodzi wa njinga yakapalasa sangafikire anthu ochuluka chotero m'nyengo ya matope. Ngati mungakwanitse ochepa, lembani moona mtima kuti kafukufuku wanu ndi woyambirira, ndipo anthu ochepawo muziwayendera sabata iliyonse n'kumawafunsa za masiku asanu ndi awiri apitawo. Kufunsa mu Juni zimene zinachitika mu Febuluwale n'kutaya nthawi, chifukwa munthu amakumbukira tsiku limene anagwa m'munda koma amaiwala masiku ena onse amene anangogona osadya nsima.

Zonsezi simungaziyambe popanda chilolezo. Ndondomeko ya kafukufuku, yolembedwa m'Chipwitikizi, iyenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu ndi chitetezo cha anthu ofufuzidwa, kaya ya pasukulu yanu ngati ndi yovomerezeka, kaya Comité Nacional de Bioética para a Saúde ya ku Maputo, ndipo mufunikanso kalata ya ofesi ya zaumoyo ya boma lanu, Serviço Distrital de Saúde, Mulher e Acção Social. Yankho limatha kutenga miyezi, ndipo fodya sadikira, choncho tumizani mapepala anu anthu asanafese nazale. Chikalata chopempha chilolezo cha munthu aliyense chikhale m'Chichewa chimene chimayankhulidwa m'deralo, muwawerengere mokweza, ndipo wosatha kulemba adinde chala pamaso pa mboni imene iye mwini wasankha. Mfundo yakuti munthu ali ndi ufulu wokana kapena kusiya panjira popanda kutaya chithandizo ili m'Chikalata cha ku Helsinki cha 1964, cha malamulo a kafukufuku wa zaumoyo wochitidwa pa anthu, chimene chakhala chikukonzedwanso, ndipo ndi yofunika kwambiri pamene wofunsayo ndi namwino yemwe amabaya ana a munthuyo katemera, chifukwa kukana munthu wotere pamaso n'kovuta.

M'minda mudzapezamo ana osakwana zaka 18 akuthandiza makolo. Ana amadwala msanga chifukwa matupi awo ndi aang'ono ndiponso sanazolowere chikonga. Musadikire kuti mudzaganizire pomwepo zochita: lembani m'ndondomeko ngati anawo adzawerengedwa, mmene mudzapemphere chilolezo cha makolo ndi kuvomera kwa mwanayo, komanso zimene mudzachite mukapeza mwana akudwala, ndipo komiti ikuthandizeni kuunika. Kwa woyamba kumene, ndi bwino kufufuza akuluakulu okha, koma mwana wodwala mumuthandize ndithu.

Polowa m'mudzi, yambirani kwa amfumu ndi anyakwawa, ndipo muyende ndi wazaumoyo wa m'mudzimo, amene timamutchula kuti APE. Musafike pa njinga yamoto ya mlangizi wa kampani ya fodya, ngakhale atakupemphani mwaulemu kuti akutengeni, chifukwa mlimi amene watenga feteleza pa ngongole adzaopa kuti akanena zoti amadwala kapena zoti alibe zodzitetezera, chaka chamawa adzachotsedwa pa mndandanda. Pa chifukwa chomwecho, pa pepala la mafunso pakhale nambala osati dzina, ndipo kabuku kolumikiza nambala ndi dzina kakhale kokhomeredwa kwina.

Mafunso akhale ochepa, oti n'kutha m'mphindi 15 munthu ataima m'mphepete mwa munda. Funsani nthawi imene anayamba kuthyola, ngati masamba anali ndi mame kapena mvula, maola amene anagwira, zimene anavala, ngati anasintha malaya atanyowa, ngati ali ndi zilonda kapena totupa m'manja ndi m'khwapa, ndiponso ngati anasamba ndi sopo ataweruka. Musamasulire mafunso a Chipwitikizi liwu ndi liwu. Yesani kaye pa anthu khumi a m'mudzi umene sunasankhidwe, mumvetsere mmene iwo amanenera, chifukwa wina sanena kuti ali ndi chizungulire koma kuti fodya wamuledzeretsa kapena kuti mutu ukuzungulira, ndipo mawu amenewo ndi amene ayenera kulowa m'pepala. Mayankho mungathe kuwalemba pa foni ndi pulogalamu ya KoboToolbox, imene imagwira ntchito popanda intaneti n'kutumiza mukafika pamene pali netiweki. Madzulo alionse onani mapepala a tsikulo, popeza malo osadzazidwa mungawakonze mawa koma osati mu Meyi.

Kuwerengera kwake sikufuna masamu apamwamba. Gawani chiwerengero cha odwala ndi cha onse m'gulu la othyola masamba onyowa, chitaninso chimodzimodzi kwa othyola ouma, ndipo gawani zotsatira ziwirizo kuti muone kuti chiopsezo chikukula kangati. Bwerezani padera kwa osuta ndi osasuta, kwa amuna ndi akazi, kwa eni minda ndi aganyu. Mukapeza kuti osuta akudandaula pang'ono, chifukwa chake chikhoza kukhala chakuti matupi awo anazolowera chikonga, ndipo mulembe mosamala kuti wina asamve ngati ndudu ndi mankhwala oteteza. Lembaninso zofooka za kafukufuku wanu, monga midzi imene simunafikeko mitsinje itadzaza ndi anthu amene anasiya panjira, chifukwa nthawi zina amene anasiya ndi amene anadwala kwambiri.

Lipoti lipite ku komiti imene inakulolezani, ku ofesi ya zaumoyo ya boma ndi kwa aphunzitsi anu, koma mubwererenso m'midzi ija nyengo ina yokolola isanafike, mukafotokoze m'Chichewa pabwalo la amfumu zimene munapeza ndi zimene zimathandiza: kudikira mame aume ngati n'kotheka, kuvala malaya aatali manja ndi magolovesi osalowa madzi, kusintha zovala zikanyowa, kusamba ndi sopo mukangoweruka ndi kumwa madzi pafupipafupi. Ovala pulasitiki pamwamba pa malaya auzidwe kuti aivule masamba akauma, chifukwa dzuwa likakwera imatenthetsa thupi moopsa. Kuchipatala kwanu, pemphani oyang'anira kuti mu kaundula wa odwala, pambali pa zaka ndi mudzi, mujambulidwe mzere wina wolembamo ntchito imene wodwala anagwira tsikulo ndi dzulo lake, kuyambira sabata yoyamba ya Januwale.